CARLOS FINLAY, DOTOLO WA UDZUDZU WA KU HAVANA

Masiku ano, m'masukulu aakulu a ukachenjede ndi m'nyumba zofufuziramo matenda, akafuna kudziwa kulemera kwa ntchito ya munthu wophunzira, amatsegula kaundula nayamba kuwerenga. Zimene amawerenga ndi ziwiri. Choyamba, kodi zolemba za munthuyo zatchulidwa kangati m'zolemba za anzache? Chachiwiri, kodi iye wagwirizana pa ntchito ndi akatswiri angati, ndipo a m'maiko angati? Nzeru yowerenga chotere adabwera nayo ndi Eugene Garfield wa ku America m'chaka cha 1955, ndipo kaundula wache adayamba kutuluka chaka ndi chaka mu 1964. Mu 2005 munthu wina, Jorge Hirsch, adaonjezapo muyeso umene amautcha h-index: amene ali ndi nambala 20 pa muyesowu ndiye kuti ali ndi zolemba 20, ndipo chilichonse mwa izo chatchulidwa ndi ena kosachepera ka 20. Ndi manambala otere ena amakwezedwa pa ntchito, ena amapatsidwa ndalama zofufuzira, ena amamanidwa.

Si nzeru yopusa iai. Inu akatekisti amene mumasunga mabuku a maina mukudziwa kuti kuwerenga kumaulula zambiri zimene pakamwa pamabisa. Koma tiyeni, awerengi, tiike pa sikelo imeneyi munthu mmodzi amene adafa manambalawa asanabadwe, tione ngati imupeza bwino. Dzina lache ndi Carlos Juan Finlay, dotolo wa pa chisumbu cha Cuba.

Adabadwa pa 3 Disembala 1833 m'mzinda wa Puerto Príncipe, umene lero utchedwa Camagüey, Cuba ikadali m'manja mwa boma la Spain. Atate ache, Edward Finlay, adali dotolo wa mtundu wa ku Scotland, ndipo amai ache adali a mtundu wa ku France. Akadali mnyamata adamtumiza ku France kukaphunzira, ndipo kumeneko adadwala nthenda yaikulu imene idamsiyira chibwibwi moyo wache wonse. Chibwibwichi tisachiiwale, pakuti chidzabweranso m'nkhani yathu. Udotolo adakauphunzira ku Jefferson Medical College, m'mzinda wa Philadelphia, natsiriza mu 1855. Mmodzi wa aphunzitsi ache, Silas Weir Mitchell, adamlangiza kuti akhazikike ku America komweko, kumene kudali ndalama ndi mbiri. Iye adakana, nabwerera kwao. Ku Havana adagwira ntchito yochiza maso monga atate ache, ndipo mu 1865 adakwatira Adela Shine, nabala naye ana aamuna atatu.

Kusamvedwa adakulawa msanga. Mu 1867 ndi 1868 kolera idagwa mu Havana. Finlay adatsata nyumba za odwala, naona kuti zandandalika m'mbali mwa ngalande yakale yotchedwa Zanja Real, imene anthu ankatungamo madzi akumwa. Adalemba kuti nthendayo ikuyenda ndi madzi, nalangiza kuti aziwaphitsa. Akuluakulu a boma la atsamunda adaletsa kusindikiza zimenezi, poopa kuti anthu aziti boma lalephera ntchito, ndipo zidatuluka patapita zaka, mliri utatha kale.

Koma nthenda imene idadya zaka zache zonse ndi ina, imene Angelezi amaitcha yellow fever, ndipo anthu a ku Spain amaitcha vómito negro, ndiko kuti masanzi akuda. Ife muno tiitcha malungo achikasu, koma awerengi asaisokoneze ndi malungo athu a masiku onse. Imayamba ndi kutentha thupi ndi kuwawa kwa mutu ndi msana. Pakapita masiku atatu kapena anai wodwala amaoneka ngati wachira, ndipo ambiri amachiradi. Kwa ena imabweranso mwaukali: chiwindi chimaonongeka, maso ndi khungu zimasanduka zachikasu, magazi amatuluka m'kamwa ndi m'mphuno, munthu nasanza zakuda, ndipo mwa ofika pamenepa pafupifupi theka amafa. Wochira saidwalanso. Kwao kwa nthendayi ndi ku Africa; idaoloka nyanja m'zombo za akapolo, pamodzi ndi udzudzu umene unkaswana m'migolo ya madzi akumwa. Mu 1793 idapha anthu ngati 5,000 ku Philadelphia. Mu 1802 idatha asilikali amene Napoleon adawatumiza ku dziko limene lero litchedwa Haiti. Mu 1878 idakwera mtsinje wa Mississippi, ndipo m'mzinda wa Memphis mokha mudafa anthu oposa 5,000. Ku Havana sinkachoka konse. Chaka chilichonse, nyengo yotentha ikafika, inkasankha alendo: asilikali, amalinyero, ansembe ndi ofuna ntchito ongofika kumene kuchokera ku Spain, nkusiya eni mudzi, amene ambiri adaidwala pang'ono ali ana osadziwa.

Madotolo adali magulu awiri. Ena ankati nthendayi imabadwa mu mpweya woipa wa m'zithaphwi ndi m'zinyalala. Ena ankati imakhala m'zovala, m'zofunda ndi m'katundu wa odwala. Ndipo chifukwa cha ganizo limeneli ankatentha zofunda, kuimitsa zombo pa dooko masiku ambiri, ngakhale kufukiza makalata ndi utsi wa sulufule. Finlay mwini adayamba ndi gulu loyambalo. Zaka zambiri adakhala akuyeza mpweya wa mu Havana, nalemba zimene adaganiza kuti wapeza. Adali wolakwa, ndipo pambuyo pache adazisiya.

Chimene chidamtembenuza chidafika mu 1879. Boma la America, litaopsedwa ndi mliri wa ku Mississippi, lidatumiza gulu la madotolo ku Havana motsogozedwa ndi Stanford Chaillé, ndipo mmodzi mwa iwo adali George Sternberg, katswiri wa tizilombo tosaoneka ndi maso. Akuluakulu a ku Cuba adasankha Finlay kuti awathandize. Alendowo adabwerera osapeza gwero la nthenda, koma Finlay adatsala ndi maganizo atsopano. Adaona kuti nthendayi imagwira kwambiri mitsempha ya magazi, nadzifunsa kuti kodi nchiyani chingathe kutenga kanthu mu mtsempha wa wodwala ndi kukakaika mu mtsempha wa wamoyo. Nthawi yomweyo adawerenga m'buku la zomera za nthenda ya dzimbiri ya tirigu, imene kuti itsirize moyo wache iyenera kudutsa pa chitsamba cha mtundu wina. Ngati zili chotere ndi nthenda ya mbeu, bwanji ya anthu?

Pamenepo adayamba kuuyang'anitsitsa udzudzu, ndipo apa ndi pamene tiona kuti adali wofufuza weniweni, osati wolota chabe. Anthu ena adanenapo kale za tizilombo touluka, monga Louis-Daniel Beauperthuy ku Venezuela m'zaka za m'ma 1850. Koma Finlay adasankha mtundu umodzi pakati pa mitundu yambiri ya pa chisumbupo, mothandizidwa ndi katswiri wa zamoyo Felipe Poey. Ndi udzudzu wakuda, wa mizere yoyera m'miyendo, umene lero utchedwa Aedes aegypti. Adaona kuti umakhala m'nyumba za anthu, osati m'madambo. Kuti umaikira mazira m'madzi oyera a m'mitsuko ndi m'migolo. Kuti umaluma masana. Kuti woluma ndi waukazi wokha, pakuti umasowa magazi kuti mazira ache akhwime, ndipo umaluma kangapo pa moyo wache. Adaonanso kuti ukazizidwa umafooka, ndi kuti kumapiri aatali kulibe. Tsono malire a udzudzuwu ndi malire a nthendayo adali amodzi: kumene uwu sufika, iyonso sifika, nyengo imene uwu umachepa, iyonso imachepa.

Pa 18 Febuluwale 1881, pa msonkhano wa maiko wa zaumoyo ku Washington, adaimirira nanena kuti mliri wa malungo achikasu umasowa zinthu zitatu: munthu wodwala, munthu amene sanadwalepo, ndi chinthu chachitatu chonyamula nthenda pakati pa awiriwo. Udzudzu sadautchule tsiku limenelo. Adautchula pa 14 Ogasiti chaka chomwecho, pamaso pa Bwalo la akatswiri a zamankhwala ndi zachilengedwe la ku Havana, atayamba kale kuyesa pa asilikali angapo odzipereka. Adawerenga pepala lache ndi lilime lolemera lija mpaka kumapeto. Atatha, panalibe amene adafunsa funso, panalibe amene adatsutsa. Pepalalo adangolisiya pa gome, msonkhano nutha.

Kuyambira tsiku limenelo kufika 1900 pali zaka 19. Tiyeni tsono titsegule kaundula uja tiwerenge.

Ogwirizana naye pa ntchito: mmodzi. Ndiye Claudio Delgado, dotolo wochokera ku Spain, amene adakhulupirira kuyambira pachiyambi, nakhala naye zaka zonsezo akuweta udzudzu m'timabotolo, akulemba masiku ndi kuyeza odwala. Omtchula m'zolemba zao: owerengeka, ndipo ambiri mwa owerengekawo ankamtchula kuti amtsutse. Wina angati chifukwa chache nchakuti ankalemba m'chinenero cha ku Spain, m'magazini a pa chisumbu amene madotolo a ku London ndi ku Berlin sankawawerenga. Zimenezo zilipo ndithu, ndipo ngakhale lero wofufuza wa m'dziko laling'ono amatchulidwa mochepa kuposa mnzache wa m'dziko lalikulu. Koma sindicho chokha, pakuti mu 1886 adasindikiza nkhani yache m'Chingelezi, m'magazini otchuka a American Journal of the Medical Sciences, ndipo sidasinthe kanthu. Sternberg yemwe uja, amene adali bwenzi lache, adalemba poyera kuti zoyesa zachezo nzosakhutiritsa. Mu Havana adampatsa dzina loti dotolo wa udzudzu, ndipo silidali dzina laulemu.

Pali anthu ena amene kaundula wa akatswiri sawawerenga, chifukwa sadalembe pepala lililonse, koma popanda iwo panalibe ntchito. Ndiwo anthu pafupifupi 100 amene adapereka mikono yao kuti iwalume. Finlay adali Mkatolika, ndiponso dotolo wa ansembe a chipani cha Ajezuiti a pa sukulu ya Belén. Ansembe achinyamata ongofika kuchokera ku Spain ankadziwa kuti nthendayi ikuwadikira, ndipo ambiri a iwo, pamodzi ndi ena a chipani cha Akarmeli, adavomera kulumidwa ndi udzudzu umene udayamba waluma wodwala. Chiyembekezo cha Finlay chidali chakuti adzadwala pang'ono, natetezeka moyo wonse, monga zimachitikira ndi katemera wa nthomba.

Apa tiyenera kunena choona, ngakhale chimchotsera ulemu pang'ono munthu amene tikumlemekeza. Otsutsa aja sadali ouma mitu chabe. Zoyesa za Finlay zidali ndi mabowo. Ochepa okha mwa olumidwawo ndiwo adadwala, ndipo kudwala kwao kudali kwa pang'ono kotero kuti madotolo ena ankati si malungo achikasu konse. Kuonjeza apo, onse ankakhala m'Havana kapena pafupi, kumene munthu akadatha kuitenga nthendayo panjira. Tsono ndani akadalumbira kuti yachokera m'botolo la Finlay? Adatayanso zaka akutsata kachilombo kena kamene ankaganiza kuti ndiko mwini nthenda, pamene sikadali iko. Koma bowo lalikulu lidali la masiku. Iye ankatenga udzudzu umene waluma wodwala, nauika pa munthu wamoyo patangopita masiku ochepa. Sadadziwe kuti kachilombo kakalowa m'mimba mwa udzudzu kamasowa masiku ngati 12 kuti kaswane ndi kufika m'malovu, ndipo masikuwo asanakwane udzudzuwo ulibe choopsa. Adali ndi yankho loona m'manja, koma umboni wache unkamthawa chifukwa cha sabata imodzi.

Chidutswa chosowacho chidali kwa munthu wina kutali. Henry Rose Carter, dotolo wa boma la America, adakhala mu 1898 m'timidzi tiwiri ta ku Mississippi, Orwood ndi Taylor, akulemba tsiku limene wodwala woyamba wafika m'nyumba ndi tsiku limene wachiwiri wagwa. Adapeza kuti pakati pamapita masabata awiri kapena kuposerapo, ndipo amene wacheza m'nyumbamo m'masiku oyamba sadwala. Carter adali ndi masiku koma analibe udzudzu. Finlay adali ndi udzudzu koma analibe masiku. Nthawi yomweyo mitima ya madotolo idayamba kufewa, pakuti mu 1897 Ronald Ross, ali ku India, adapeza kachilombo ka malungo athu wamba m'mimba mwa udzudzu. Chimene chinkaseketsa mu 1881 chidaleka kuseketsa.

Mu 1898 America idamenyana ndi Spain, nitenga ulamuliro wa Cuba kwa kanthawi. Finlay, ali ndi zaka 64, adadzipereka kukasamala asilikali odwala kufupi ndi Santiago. Nkhondo itatha, dotolo wa asilikali William Gorgas adapatsidwa ntchito yoyeretsa Havana. Adasesa misewu, nachotsa zinyalala, natsuka mzindawo monga sudatsukidwepo. Matenda ena adachepadi, koma malungo achikasu adakula mu 1900, pakuti alendo ambiri atsopano adafika. Gorgas ankamkonda Finlay, ndipo ankacheza naye kawirikawiri, koma za udzudzuzo sankazikhulupirira.

Tsono Sternberg, amene pa nthawiyi adali mkulu wa madotolo onse a asilikali a America, adatumiza gulu la anthu anai: Walter Reed mtsogoleri, James Carroll, Jesse Lazear, ndi Aristides Agramonte, mbadwa ya Cuba. Adafika mu Juni 1900. Poyamba adafunafuna kachilombo kamene dotolo wa ku Italy, Giuseppe Sanarelli, adalengeza mu 1897 kuti ndiko mwini nthenda. Dzina la Sanarelli linkatchulidwa ponseponse m'zaka zimenezo; pa sikelo yathu ija akadamposa Finlay kutalitali. Koma m'magazi a odwala sadakapeze. Atasowa polowera, mu Ogasiti adapita kunyumba kwa mkulu wachibwibwi uja. Iye adawalandira ndi chimwemwe, nawapatsa zolemba zache, nawapatsanso mazira ouma a udzudzu wache m'kambale, nawauza kuti akawathira madzi adzaswa. Sadafunse kuti dzina lache lidzakhala pati.

Lazear ndiye adaweta udzudzuwo. Zoyesa zache zoyamba zidalephera, pa chifukwa chomwe chija chidalepheretsa Finlay. Koma pa 27 Ogasiti Carroll, amene sankakhulupirira, adalola kulumidwa ndi udzudzu umene udaluma wodwala masiku 12 m'mbuyomo. Adadwala kwakayakaya, napulumuka. Msilikali wina, William Dean, adalumidwa nadwalanso. Kenaka Lazear mwini adalumidwa, ndipo pa 25 Seputembala 1900 adamwalira, ali ndi zaka 34, nasiya mkazi ndi ana awiri, wamng'onoyo asanamuone ndi maso.

Reed adali munthu wadongosolo, ndipo adali ndi zimene Finlay analibe: ndalama za boma, asilikali omvera lamulo, ndi mphamvu yotsekera anthu pa malo amodzi. Bwanamkubwa Leonard Wood, amenenso adali dotolo, adapereka ndalama. Mu Novembala adamanga msasa kunja kwa Havana, nautcha Camp Lazear. Odzipereka onse ankayamba akhala padera masiku ambiri, kuti pasakhale wonena kuti adaitenga kwina, ndipo ankasaina pepala lofotokoza kuti akhoza kufa. Adamanga tinyumba tiwiri. M'kanyumba koyamba, kotentha ndi kopanda mpweya koma kotchingidwa kuti udzudzu usalowe, amuna ankagona masiku 20 pa zofunda zodetsedwa ndi masanzi ndi magazi a akufa, ena atavala malaya omwe a akufawo. Palibe mmodzi adadwala. Kanyumba kachiwiri kadali koyera ngati chipatala, kogawidwa pakati ndi waya wa sefa. Mbali imodzi adatayamo udzudzu 15 woluma odwala, ndipo John Moran adalowamo pa 21 Disembala. Pa tsiku la Khrisimasi adagwa nayo nthenda. Ogona mbali inayo, opuma mpweya womwewo, sadamve kanthu. Chimene munthu mmodzi ndi bwenzi lache adalephera kutsimikiza pa zaka 19, gulu lidachitsimikiza pa miyezi isanu.

Gorgas adagonja, ngakhale mokayika. Kuyambira kumayambiriro kwa 1901 adatembenuza antchito ache: odwala ankawaika m'zipinda zotchingidwa ndi sefa, nyumba zao ndi zoyandikana ankazifukiza, migolo ya madzi ankaiphimba, m'zithaphwi ankathira mafuta, ndipo amene wapezeka ndi mphutsi za udzudzu pakhomo ankalipitsidwa. Zambiri mwa izi Finlay adazilemba kale m'zaka za m'ma 1890, popanda womvera. Pofika kumapeto kwa Seputembala 1901 nthendayo idaleka kupha m'Havana, mzinda umene udakhala nayo zaka ngati 140 mosalekeza.

Chaka chomwecho chidaonetsanso kuti mbali ina ya maganizo a Finlay idali yoopsa. Ku chipatala cha Las Animas adayesa njira yache yotetezera anthu powalumitsa dala, tsopano ndi udzudzu wokhwima bwino. Anthu atatu adafa, mmodzi mwa iwo namwino wa ku America, Clara Maass, wa zaka 25. Njirayo adaisiya pomwepo. Katemera weniweni adadzabwera mu 1937, wopangidwa ndi Max Theiler, wobadwira ku Pretoria, kachilomboko katapezeka ku West Africa mu 1927.

Kuchokera ku Havana nzeruyo idafalikira. Oswaldo Cruz adaigwiritsa ntchito ku Rio de Janeiro kuyambira 1903. Gorgas adapita nayo ku Panama mu 1904, kumene anthu a ku France adalephera kukumba ngalande yolumikiza nyanja ziwiri m'zaka za 1881 mpaka 1889, atataya antchito ngati 22,000, ambiri ndi malungo a mitundu iwiriyi. Pofika 1906 malungo achikasu adatha kumeneko, ndipo ngalandeyo idatsegulidwa mu Ogasiti 1914, Finlay akadali moyo.

Titsegulenso kaundula. Tsopano maina ayamba kuchuluka, koma dzina lotchulidwa kwambiri ndi la Reed. Iye, m'lipoti lache loyamba la mu Okutobala 1900, adamtchuladi Finlay, namthokoza chifukwa cha mazira aja. Koma olemba otsatira ankatchula pepala limene lidawakhutiritsa, ndilo la Reed. Otsatira awo ankakopera kwa iwo. Ndipo m'mabuku ambiri a sukulu a ku America mkulu wa ku Havana adasanduka mzere umodzi, kapena kusowa kumene. Reed adamwalira mu 1902, ndipo mu 1909 chipatala chachikulu cha asilikali ku Washington chidatsegulidwa m'dzina lache. Anthu a ku Cuba, amene dziko lao lidali litangotuluka m'manja mwa Spain ndi kulowa mu mthunzi wa America, adaumva mlanduwu ngati wa mtundu wonse, ndipo ena a iwo adapyola malire, nkumanena ngati kuti Reed sadachite kanthu.

Ife tikaona, sikelo ya kutchulidwa idamlakwira Finlay kawiri: poyamba pomuyesa wopanda pache pamene adali yekha wodziwa njira, pambuyo pache popereka kwa wina zimene adayenera kugawana. Imayeza tsiku limene anthu adayamba kumvera, osati tsiku limene munthu adayamba kunena zoona. Ndipo siisiyanitsa womtchula movomereza ndi womtchula monyoza. Koma muyeso wachiwiri uja, wa ogwirizana nawo, sitingaunyoze chimodzimodzi. Nambala ya mmodzi ija idali kunena zoona ndithu za vuto lache. Akadakhala ndi anzache asanu okhoza kumtsutsa mwachikondi, wina akadamfunsa za masiku, wina akadamuuza kuti atseke odzipereka ache kutali ndi mzinda, ndipo kapena manda ambiri a zaka 19 zija sakadakumbidwa. Kaya mlandu wa kukhala yekhako ngwa iye kapena ngwa amene adakhala chete pa 14 Ogasiti paja, awerengi aweruze okha.

Mwini wache sadataye nthawi yambiri pa mkanganowu, ngakhale adalemba modekha kukumbutsa za chaka cha 1881. Mu 1902, Cuba italandira boma lachelache, adamsankha kukhala mkulu wa zaumoyo wa dziko lonse, ali ndi zaka 68, nagwira ntchitoyo mpaka 1909. Pa nthawiyi adachita chinthu china chimene sichitchulidwa kawirikawiri. Makanda ambiri ankafa ndi kafumbata m'masiku oyamba. Iye adapeza kuti chingwe chimene azamba ankamangira mchombo chinkanyamula kachilombo, nalamula kuti boma lizigawa kwaulere timaphukusi ta zomangira zoyera. Imfa za makanda zidatsika kwambiri. Amai amene ana ao adapulumuka sadalembe m'magazini alionse.

Ulemu udafika ali nkhalamba. Mu 1907 sukulu ya matenda a m'maiko otentha ya ku Liverpool idampatsa mendulo ya Mary Kingsley, ndipo mu 1908 boma la France lidamlemekezanso. Dzina lache lidaperekedwa kangapo ku mphotho ya Nobel, ndipo mwa olipereka mudali Ronald Ross ndi Alphonse Laveran, akatswiri awiri a malungo amene adailandira okha. Iye sadailandire. Adamwalira ku Havana mu Ogasiti 1915, ali ndi zaka 81, ndipo Delgado adamtsatira chaka chotsatira. Mu 1954 msonkhano wa maiko wa olemba mbiri ya zamankhwala, umene udachitikira ku Rome, udavomereza kuti iye ndiye adayamba kupeza chonyamula nthendayi. Tsiku lache lobadwa, 3 Disembala, lidasankhidwa kukhala tsiku la madotolo m'maiko angapo a Latin America.

Malo a Camp Lazear adaiwalika kwa zaka zambiri, kufikira dotolo wina wa ku America, Philip Hench, atafufuza m'makalata akale ndi kufunsa okalamba amene adagonamo, John Moran mmodzi wa iwo. Adapeza kanyumba ka zofunda zodetsedwa kaja kakadaimirira, matabwa ache atayamba kuola. Boma la Cuba lidakakonza, ndipo pa 3 Disembala 1952 adatsegula malowo ngati chikumbutso. Pa khoma lache adaikapo nkhope za Finlay ndi Delgado pamodzi ndi za Reed, Lazear, Carroll, Agramonte ndi Wood, ndipo pafupi adalembapo maina a odzipereka amene adagona m'tinyumbato.